MPHEKESERA ZA ZIWEMBU: N'CIFUKWA NINJI ANTHU AMAZIKHULUPIRIRA?

KUMAPETO kwa caka ca 2019, m'tauni ya Chingola ku Migodi, munamveka mbiri yakuti kuli anthu oyenda usiku amene athira mpweya wa mankhwala m'nyumba za anzao. Mpweyawo anauchula kuti gasi. Ankati eni nyumba akakomoka, anthuwo alowa ndi kuwapopa magazi. Pofika mwezi wa Febuluwale 2020 mbiriyo inali itafika ku Lusaka, ku Cigawo ca Kum'mwera, ku Cigawo ca Kum'mawa ndi kwina konse. Amuna analeka kugona, nayamba kulonda m'makomboni ndi m'midzi atanyamula zibonga, nkhwangwa ndi zikwanje. Misewu inatsekedwa ndi miyala ndi zipika, ndipo boma linacita kutumiza asilikali kuti athandize apolisi.

M'mwezi wa Marichi 2020 Pulezidenti wa nthawi imeneyo, a Edgar Lungu, anauza Nyumba ya Malamulo kuti anthu 50 anali ataphedwa. Anthu amenewa sanafe ndi gasi ai. Anafa ndi miyala, zibonga ndi moto, m'manja mwa makamu a anthu amene anangowaganizira cabe. Ena mwa iwo anali alendo odutsa, ena okalamba, ena odwala misala amene sakanatha kudzifotokozera. Ku Gwembe kunaphedwa bambo wina wopuma pa nchito amene anakhalapo pa udindo waukulu m'boma.

Apolisi analandiradi madandaulo mazanamazana onena za fungo lacilendo m'nyumba ndi m'masukulu, ndipo anthu ena anagwidwa. Koma palibe khoti limene linapeza gulu lija losonkhanitsa magazi, limene ankati kumbuyo kwake kuli akuluakulu a ndalama. Matenda a Covid-19 atalowa m'dziko m'mwezi womwewo wa Marichi, mbiri ya gasi inazilala, koma amene anaphedwa sanabwerere.

Anthu amene anatola miyala masiku aja sanali zitsiru. Ambiri anali alimi, amalonda ndi makolo amene amadziwa kuyesa mbeu yabwino ndi yoipa, ndipo pa msika sanamizika wamba. Tsono n'ciani cimene cimapangitsa munthu wanzeru zake kukhulupirira nkhani ya ciwembu imene sanaione ndi maso, kufikira kupha mnzake? Kuti funsoli liyankhidwe bwino, pafunika kubwerera m'mbuyo zaka pafupifupi 90, pakuti nkhaniyi si yatsopano.

NTHAWI YA BANYAMA

Ca m'ma 1930, dziko lino likuchedwa Northern Rhodesia, ku Cigawo ca Kumpoto kunabuka mbiri ya anthu ochedwa banyama. Ankati amenewa ndi anthu akuda olembedwa nchito ndi Azungu kuti azigwira anzao m'chire ndi kuwacotsa magazi, kuti apangire mankhwala. Ambiri amati dzinali linacokera ku anchito oyang'anira nyama za m'chire. Ku Tanganyika ndi ku Kenya nkhani yonga yomweyi inkachula mumiani kapena wazimamoto, kutanthauza ozimitsa moto, ndipo ku Katanga m'dziko la Congo ankati batumbula. Kulikonse oganiziridwa anali anthu a yunifomu, oyenda ndi zipangizo zimene anthu wamba sanadziwe nchito yake. Ngakhale ansembe a White Fathers, amene anali atakhala zaka zambiri pakati pa Abemba, anawaikamo m'gulu la banyama.

Zaka zimenezo zinali zowawa. Mtengo wa kopa utagwa pa dziko lonse, migodi ingapo inatsekedwa, ndipo anchito a ku Migodi anacepa kucokera pa 30,000 m'caka ca 1930 kufika pafupifupi 7,000 m'caka ca 1932. Amuna anabwerera kumudzi cimanjamanja, koma msonkho unali kuwadikira. Nthawi yomweyo dzombe lofiira locokera ku madambo a Mweru wa Ntipa ndi Rukwa linali kuononga minda. Ndiponso mudzi uliwonse unali ndi machona ake, amuna amene anapita ku nchito zakutali osamvekanso.

Pamwamba pa zonsezi panali nkhondo yolimbana ndi matenda a kaodzera. Kacirombo ka mtundu woopsa wa matendawa kanadziwika m'caka ca 1910 m'magazi a munthu amene anadwalira ku cigwa ca Luangwa, ndipo patapita zaka ziwiri madokotala awiri, Kinghorn ndi Yorke, anatsimikiza ku Luangwa komweko kuti amafalitsidwa ndi kashembe. Kucokera pamenepo boma la atsamunda linayamba kuimika anthu panjira, kuwapapasa m'khosi, kuwabaya ndi kutenga magazi ao kukawayesa, ndipo midzi ina inasamutsidwa mokakamiza. Nchitoyo inali ndi cifukwa cake, koma eni magaziwo sanali kuuzidwa bwino kumene magazi ao akupita. Pamene boma linakhala cete, mphekesera inayankha m'malo mwake.

SHUGA YA CITAGANYA

Mbiri ya banyama inabukanso mwamphamvu ca m'ma 1952, pamene Azungu anali kukonza zogwirizanitsa Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland m'Citaganya. Kunamveka kuti shuga ya m'masitolo yathiridwa mankhwala oumitsa anthu kuti asabereke, ndi kuti nyama ya m'zitini njokayikitsa. Bungwe la Capricorn Africa Society, limene David Stirling anayambitsa m'caka ca 1949, linaganiziridwa kuti ndilo likulu la banyama, kotero kuti dzina lakuti Capricorn linasanduka citonzo ca munthu wogulitsa anzake. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito pa nyumba ya wailesi ku Lusaka, analemba m'buku lake lochedwa Wayaleshi, la m'caka ca 1959, kuti aulutsi akuda a pa wailesiyo nawonso anaganiziridwa ndi kuopsezedwa.

Shugayo inalibe kanthu, ndipo ana anapitiriza kubadwa monga kale. Komabe anthu sanalakwe poganiza kuti pali zimene zikupanganidwa iwo kulibe. M'caka ca 1949 atsogoleri a Azungu, pamodzi ndi Godfrey Huggins ndi Roy Welensky, anakumana ku Victoria Falls kukambirana za Citaganya popanda munthu wakuda ndi mmodzi yemwe. Citaganya cinakhazikitsidwa m'caka ca 1953 eni dziko akukana. Cimene cinacigwetsa m'caka ca 1963 ndi misonkhano, zipani, mabungwe a anchito ndi mavoti, zinthu zimene zinalunjika pa mdani weniweni. Mphekesera ya shuga inangozunza aulutsi, makalaliki ndi ogulitsa m'masitolo, anthu akuda okhaokha.

ANAMAPOPA KU MALAWI

Kutsidya kwa malire nkhaniyi imadziwika ndi dzina lakuti anamapopa. Inamveka kwambiri kumapeto kwa 2002 m'maboma a Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Blantyre. Caka cimeneco Malawi anali m'njala yaikulu, ndipo zinali zitadziwika kuti cimanga ca m'nkhokwe za boma cinagulitsidwa njalayo isanafike. Tsono anthu anayamba kunena kuti boma likusinthanitsa magazi a anthu ndi cimanga ca thandizo cocokera kunja. Ansembe atatu a Cikatolika anamenyedwa ku Thyolo, ndipo mu Januwale 2003 mkulu wina wa cipani colamula mu mzinda wa Blantyre anagendedwa ndi miyala.

Mu Seputembala 2017 anamapopa anamvekanso ku Mulanje ndi ku Phalombe, pafupi ndi malire a Mozambique. Pasanathe miyezi iwiri anthu osacepera 9 anali ataphedwa, mmodzi wa iwo mnyamata wodwala khunyu amene anagendedwa ndi kutenthedwa ku Blantyre. Bungwe la United Nations linacotsa anchito ake m'maboma awiriwo, magalimoto a cipatala analeka kuyenda usiku m'madera ena, ndipo apolisi anagwira anthu oposa 100 pa milandu ya cipolowe. Bungwe la madokotala a ku Malawi linalengeza kuti panalibe umboni wakuti munthu wina aliyense anapopedwa magazi.

Ku Mozambique, m'cigawo ca Nampula, kunacitika zina zofanana m'caka ca 2009. Anchito odzipereka a Red Cross anali kuthira mankhwala a klorini m'zitsime kuti ateteze anthu ku kolera. M'Cipwitikizi maina a zinthu ziwirizi, cloro ndi cólera, amamveka mofanana ndithu. Mbiri inafala kuti anchitowo ndiwo akuthira matendawo m'madzi, ndipo anamenyedwa, ena mpaka kufa.

ZIMENE MAGAZI AMAFUNA

Aliyense amene anaperekapo magazi ku cipatala angathe kuyesa yekha nkhani ya anamapopa. Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana pafupifupi malita 5, ndipo popereka amatengako mamililita 450 okha. Singano yake njaikulu, imalowa mu mtsempha wa pamkono, imasiya bala looneka, ndipo nchitoyo imatenga mphindi pafupifupi 10 wopereka ali phee. Magazi akatuluka m'thupi amaundana m'mphindi zocepa, motero thumba lolandirira limakhala ndi mankhwala oletsa kuundana. Akatero amasungidwa m'firiji pa madigiri 2 mpaka 6, ndipo patapita masabata asanu kapena asanu ndi limodzi amatha nchito. Asanaikidwe mwa wodwala amayesedwa gulu lake, ndiponso amayesedwa ngati ali ndi HIV, cindoko kapena matenda a ciwindi.

Tsono magazi opopedwa mumdima, podzera pa denga la udzu kapena pa zenera, kwa munthu wosadziwika gulu lake, palibe cipatala pa dziko lapansi cimene cingawagwiritse nchito. Za gasi nazonso n'cimodzimodzi. Madokotala ogoneka odwala pa opaleshoni amaphunzira zaka zambiri, amaphimba mphuno ndi pakamwa pa wodwala, namayang'anira kapumidwe kake mphindi iliyonse, cifukwa mankhwalawo akacepa munthu sagona, akaculuka amafa. Kugoneka banja lonse m'nyumba ya mipata pakhomo ndi padenga, mwa kupopera kanthu panja, ndi nchito imene madokotala omwewo amati siingatheke.

Bungwe la Zambia National Blood Transfusion Service limadalira anthu opereka magazi mwaufulu. Magaziwo amapulumutsa amai otaya magazi pobereka, ana amene malungo awathera magazi, ndi ovulala pa ngozi za pamseu. Mbiri ya opopa magazi ikafala, opereka amacita mantha, ndipo amene amalipira ndi mai amene ali pa bedi la cipatala.

ZIFUKWA ZOKHULUPIRIRA

Cifukwa coyamba ndi mbiri ya makolo. Kugwidwa kwa anthu kunacitikadi m'maiko ano. Mlozi, wogulitsa akapolo wa ku Karonga, ananyongedwa m'caka ca 1895, ndipo agogo a anthu amene ali moyo lero anaona cibalo ndi maso ao. Munthu amene anakulira nkhani zotere akamva kuti alendo akufuna thupi lake, nkhaniyo imagwera pa nthaka yolimidwa kale.

Caciwiri ndi mavuto a nthawiyo. Banyama anadza ndi kutsekedwa kwa migodi ndi dzombe, shuga inadza ndi Citaganya, anamapopa anadza ndi njala, ndipo gasi anadza dziko likucokera m'cilala ca 2019, ufa utakwera mtengo ndi magetsi akuzimazima. Cilala sicingagwidwe, ndipo mtengo wa kopa sungagendedwe. Mtima wa munthu umapepukako ukapeza wina wa nkhope ndi miyendo womuloza cala.

Cacitatu ndi thupi lenilenilo. Pali cinthu cimene madokotala amacidziwa bwino, ndipo cimacitikira anthu a mitundu yonse: munthu amadzidzimuka kutulo, maso ali penye, koma manja ndi miyendo zosagwedezeka, cifuwa cili colemera, ndipo amaona ngati m'nyumba muli munthu. Zimatha zokha m'kamphindi, ndipo zimaculuka munthu akamagona mosakwanira kapena ali ndi nkhawa. M'mudzi mmene anthu akhala masabata akulonda usiku, oona zotere amaculuka. Mutu, cizungulire ndi kufooka zimabweranso ndi malungo, ndi njala, ndi mpweya wa mbaula yoyaka m'nyumba yotseka, ndi mantha enieniwo. Wonena kuti anamva zimenezi sakunama. Cimene cimalakwika ndi dzina limene apatsa cimene anamvaco.

Cacinai ndi wobweretsa nkhani. Mphekesera siibwera ndi mdani. Imabwera ndi mlamu, mnansi kapena mnzako wa ku chalichi, munthu wokufunira zabwino, amene nayenso anaimva kwa wina womukonda. Kuikana kumaoneka ngati kunyoza mbale. Ndiponso panthawi ya cipolowe wofunsa mafunso amasanduka woganiziridwa, kotero ambiri okayika amangotseka pakamwa, ndipo aliyense amayesa kuti mudzi wonse wakhulupirira.

Cacisanu ndi kapangidwe ka nkhaniyo. Nkhani ya ciwembu imadzimangira linga. Apolisi akapanda kupeza kanthu, amati apolisi agulidwa. Dokotala akati magazi ali bwinobwino, amati dokotala ali momwemo. Woganiziridwa akapezeka alibe cipangizo ciriconse, amati wacibisa ndi mankhwala. Motero kusowa kwa umboni kumawerengedwa ngati umboni, ndipo nkhani yotere siingagonje ngakhale ikhale yabodza cotani.

Cotsiriza ndi opindula. Pa cipolowe mbala zimathyola masitolo, wa ngongole amaloza amene anamkongoza, wolimbirana munda amapeza mpata, ndipo andale a mbali zonse amalozana zala. Masiku ano lamya za m'manja zaonjezera liwiro. Nkhani imene kale inkayenda ndi njinga tsopano imacoka ku Chingola ndi kufika ku Lundazi mphika wa nsima usanapse. Ku India, anthu ambiri ataphedwa cifukwa ca mphekesera za oba ana, kampani ya WhatsApp inacepetsa m'caka ca 2018 ciwerengero ca anthu amene uthenga umodzi ungatumizidweko nthawi imodzi kufika pa 5, ndipo mu 2019 lamulolo linafikira maiko onse.

SI ZA KU AFRICA KOKHA

Pali ena amene amati zotere zimacitika cifukwa ca umbuli wa anthu akumidzi. Mbiri ikutsutsa zimenezo. Mu Seputembala 1944, m'tauni ya Mattoon ku America, anthu oposa 20 anadandaula kuti munthu wina akuwathira gasi pa mazenera usiku, ndipo ena anati miyendo yao inauma. Amuna analonda ndi mfuti, apolisi anaonjezedwa, koma wa gasiyo sanapezeke, ndipo patapita masabata awiri nkhaniyo inatha yokha.

Mu Meyi 1969, mu mzinda wa Orléans ku France, munafala mbiri yakuti atsikana akubayidwa mankhwala ogonetsa m'masitolo a zovala a Ayuda ndi kugulitsidwa kunja. Makamu anasonkhana pa makomo a masitolowo, cikhalireco ku polisi kunalibe dandaulo la mtsikana wosowa ndi mmodzi yemwe. Katswiri wa cikhalidwe ca anthu, Edgar Morin, anafufuza nkhaniyo nalemba buku caka comweco. Anthu a ku Orléans anali ophunzira, owerenga nyuzipepala, koma mantha anawayendetsa njira yomweyo imene anayendetsa anthu a ku Mulanje ndi ku Chingola.

ZIWEMBU ZENIZENI ZILIPO

Kukayika mphekesera sikutanthauza kuti akuluakulu sacita zoipa m'seri. Ku Tuskegee, m'cigawo ca Alabama ku America, nthambi ya zaumoyo ya boma inasunga amuna akuda 399 odwala cindoko kucokera mu 1932 mpaka 1972 osawapatsa mankhwala oyenera, pofuna kuona mmene matendawo amaonongera thupi, ngakhale kuti mankhwala a penisilini anali atapezeka kale. Ku South Africa, m'caka ca 1998, akatswiri a sayansi anaulula pamaso pa bungwe la Truth and Reconciliation Commission kuti boma la tsankho, m'nchito yacinsinsi yochedwa Project Coast, linawatuma kufufuza mankhwala ocepetsa kubereka kwa anthu akuda. Ndiponso kuphedwa kwa anthu acialubino ku Malawi, ku Tanzania ndi kuno ku Zambia n'koona. M'caka ca 2022 khoti lalikulu ku Malawi linapeza anthu 12 olakwa pa mlandu umodzi wotere, ndipo pakati pao panali wansembe, wapolisi ndi wa zacipatala.

Cofunika kuona ndi mmene zoipa zimenezi zinadziwikira. Za ku Tuskegee zinaululidwa ndi wanchito wa m'nthambi yomweyo, Peter Buxtun, amene anapereka makalata kwa atolankhani, ndipo mtolankhani Jean Heller anazifalitsa mu Julaye 1972. Za Project Coast zinanenedwa ndi anthu odziwika maina, poyera, akufunsidwa mafunso. Pa milandu ya acialubino pamakhala munthu wosowa wa dzina lake, manda, mboni ndi woweruza. Ciwembu ceniceni cimasiya mapazi, cifukwa ocita ake ndi anthu, ndipo anthu amalemba makalata, amakangana, amalapa. Banyama akhala akunenedwa zaka 90, koma palibe dalaivala, mlonda kapena kalaliki wao amene anatulukapo ndi kalata m'manja.

Zilipo nkhani zina zimene zimacita kupangidwa dala. Mu Julaye 1983 nyuzipepala ina ya ku India yochedwa Patriot inasindikiza kalata yopanda dzina yonena kuti kacirombo ka Edzi kanapangidwa ndi asilikali a America. Mu 1986 timabuku tonena zomwezo tinagawidwa ku Harare pa nthawi ya msonkhano wa maiko osagwirizana ndi mbali. M'caka ca 1992 Yevgeny Primakov, mkulu wa akazitape a ku Russia, anavomera kuti nkhaniyo inafalitsidwa ndi bungwe la KGB. Akatswiri apeza kuti HIV inacokera ku kacirombo ka anyani a mtundu wa chimpanzee a m'nkhalango za ku Cameroon, ndipo inapezeka m'magazi amene anatengedwa ku Kinshasa m'caka ca 1959, nthawi imene kunalibe munthu wodziwa kupanga kacirombo. Amene anakhulupirira kalata ija, akuyesa kuti atulukira ciwembu, ndiwo anali m'manja mwa ciwembu.

MTENGO WAKE

M'caka ca 2003 zigawo zina za kumpoto kwa Nigeria, makamaka Kano, zinaimitsa katemera wa poliyo cifukwa ca mbiri yakuti ali ndi mankhwala oumitsa atsikana. Mantha ao anali ndi pocokera. Mu 1996 kampani ya Pfizer inayesa mankhwala atsopano ochedwa Trovan ku Kano komweko, pa kafukufuku wa ana 200 odwala matenda oumitsa khosi. Ana 11 anamwalira, makolo anadandaula kuti sanauzidwe bwino, ndipo mu 2009 kampaniyo, ngakhale inakana kulakwa, inavomera kulipira madola 75 miliyoni. Koma katemera wa poliyo analibe cirema. Pamene Kano anayambanso katemera mu Julaye 2004, matendawo anali atayamba kale kufalikira, ndipo anafika m'maiko pafupifupi 20, mpaka ku Yemen ndi ku Indonesia, napundula ana amene makolo ao sanamvepo dzina la Kano.

Ku South Africa, boma la a Thabo Mbeki linakayika zakuti HIV ndiyo imayambitsa Edzi, ndipo linacedwetsa mankhwala otalikitsa moyo. Akatswiri a pa yunivesite ya Harvard anawerengera mu 2008 kuti kucedwako kunatayitsa miyoyo yoposa 330,000 pakati pa 2000 ndi 2005. Kuno kwathu njira ina inaoneka kale. Mu Okutobala 1987 Pulezidenti Kenneth Kaunda anauza dziko poyera kuti mwana wao Masuzyo, amene anamwalira mu Disembala 1986, anafa ndi Edzi. Panthawi imene mabanja ambiri anali kuloza mfiti, mau amenewo anachula matendawo ndi dzina lake.

KUYESA NKHANI

Akale anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Pa bwalo la mfumu mlandu suweruzidwa ndi mau akuti "akuti". Mfumu imafunsa amene anaona, tsiku lake ndi malo ake, ndipo woimbidwa mlandu amapatsidwa mpata woyankha. Nzeru yomweyo njokwanira kuyesera mphekesera iliyonse.

Funso loyamba n'lakuti: waona ndani? Nkhani zotere zikatsatidwa, wonena amati anamva kwa mlamu wake, mlamuyo amati zinacitika mudzi winawo, ndipo kumudziko amati zinacitika kutsidya kwa mtsinje. Laciwiri n'lakuti: kuti zimenezi zitheke, ndi anthu angati amene ayenera kusunga cinsinsi? Ngati pafunika anamwino onse, apolisi onse ndi mafumu onse, amene ana ao amamwa madzi omwewo ndi kubayidwa katemera yemweyo, nkhaniyo yalemera kuposa miyendo yake. Lacitatu n'lakuti: n'ciani cingaonetse kuti nkhaniyi njabodza? Wonena akayankha kuti palibe, ndiye kuti sanaimange pa umboni. Lacinai n'lakuti: ndani apindula anthu akakhulupirira, ndipo ndani avulala?

Udindo suli pa anthu wamba okha. Mbiri ya banyama ikuphunzitsa kuti wanchito wa boma kapena wa bungwe amene alowa m'mudzi ndi singano, makina opimira malo kapena mabuku a kalembera, osayamba waonekera kwa mfumu ndi kufotokoza m'cinenero ca eni mudzi, akubzala yekha mphekesera. Wotenga magazi kukayesa ayenera kunena kumene akupita nawo, ndi kubweza yankho. Apolisi akagwira munthu, anthu ayenera kumva mmene mlandu wathera, pakuti woganiziridwa akangotuluka mwakacetecete, anthu amati boma likubisa kanthu. Kunyoza okhulupirira kuti ndi mbuli nakonso sikuthandiza, cifukwa munthu wonyozedwa amaumirira pomwepo.

Lamulo la dziko lino n'lomveka. Kupha munthu woganiziridwa ndi mlandu wa kupha, ngakhale ogenda akhale 100, ndipo cilango cake cingafike pa kukhala m'ndende moyo wonse. Lamulo la Witchcraft Act limaletsanso kuchula munthu kuti ndi mfiti. Mlendo wokayikitsa malo ake ndi kwa mfumu kapena ku polisi, ali wamoyo, kumene angafunsidwe ndi kuyankha.

Mbiri ya banyama yabwera ndi kupita kambirimbiri kucokera m'ma 1930, ndipo nthawi iliyonse imasintha dzina ndi cipangizo. Njala kapena mavuto ena akadzabweranso, nayonso idzabwera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mfumu imene idzaitanitsa mboni anthu asanatole miyala, mphunzitsi amene adzafotokozera ana mmene magazi amasungidwira, ndi mai amene adzakana kutumiza uthenga wa pa lamya umene sadziwa mwini wake, adzakhala atapulumutsa munthu wina wapaulendo amene dzuwa lamlowera m'mudzi wa eni. Munthu ameneyo angakhale mwana wao yemwe, akucokera ku Migodi kudzaona makolo.